Kanambala ka pa Bokosi la Filimu

 Nkhani yathu lero ndi ya zithunzi, ndipo ndiyamba ndi chithunzi chimodzi chimene chili m'sutikesi ya mayi anga kumudzi.

Chithunzicho chidajambulidwa pa ukwati wa makolo anga m'chaka cha 1987, m'kati mwa tchalitchi cha njerwa chokhala ndi mazenera ang'onoang'ono. Wojambula adabwera pa njinga, kamera ili m'khosi, monga ankachitira ojambula a masiku amenewo poyendayenda m'midzi, m'masukulu ndi m'misika. Zithunzi zimene adajambula panja, mkwati ndi mkwatibwi ataima patsinde pa mtengo wa mango, zidatuluka bwino kotero kuti mpaka lero mungathe kuŵerenga mabatani a jekete la bambo anga. Koma za m'kati mwa tchalitchi zidatuluka zamdima. Mwa zamdimazo muli chimodzi chimene mayi amachisunga padera, chokulunga m'pepala. Pa chithunzicho pali agogo anga, mayi awo a mayi anga, atakhala pa benchi lakutsogolo. Miyendo inali itayamba kuŵavuta, choncho sadatuluke panja pamene ena ankajambulitsa. Mvula ya chaka chotsatira isanagwe, agogowo adatisiya. Chithunzi chawo chimene tili nacho n'chokhachi, ndipo chimene chimaonekapo ndi duku loyera ndi mthunzi wa munthu. Ine nkhope ya agogo anga sindiidziŵa.

Kwa zaka zonsezi mayi akhala akunena kuti filimu idapsa. Tsiku lina ndikusanthula m'sutikesimo ndidapeza negativu zake zili mu envulopu. Nditaziunika pa zenera ndidaona kuti za m'tchalitchi zinali zoonekera mbee, pafupifupi zopanda kanthu, ndipo m'mphepete mwake, pamene opanga filimu amalemba dzina la filimuyo, padali nambala 100. Filimu yopsa imakhala yakuda bii, chifukwa idalandira kuŵala kopitirira muyeso. Iyi idali yosakhuta kuŵala. Kanambala kameneka, kamene kamalembedwanso pa bokosi la filimu motsatana ndi zilembo za ASA kapena ISO, ndiko tikambirane lero. Ojambula amakatcha liŵiro la filimu.

Mwina wina afunsa kuti nkhani ya filimu ikutikhudza bwanji masiku ano pamene ambiri timajambula ndi foni. Ikutikhudza pa zifukwa ziŵiri. Choyamba, filimu ikupangidwabe ndi makampani monga Kodak ndi Ilford, ndipo alipo achinyamata amene atulutsa makamera a makolo awo m'makabati n'kuyamba kujambulira. Chachiŵiri, kanambala komweka kalimo m'kamera iliyonse ya dijito ndi m'foni imene ili m'thumba mwanu, ndipo wolimvetsa pa filimu savutika kulimvetsa pa foni.

Tiyambe ndi filimu yeniyeniyo. Filimu ndi kalamba ka pulasitiki koonekera, kamene mbali imodzi kadapakidwa phala lopyapyala la jelatini. Jelatiniyo imachokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, makamaka ng'ombe. M'phalalo muli timibulu ta mchere wa siliva, tosaoneka ndi maso, tochuluka ngati mchenga wa kunyanja. Kuŵala kukagunda timibuluti timasintha, ngakhale kuti kusinthako sikuoneka mpaka filimu itatsukidwa m'mankhwala. Potsukapo, timibulu timene tidalandira kuŵala kokwanira timasanduka siliva wakuda, ndipo timene sitidalandire timasungunulidwa ndi mankhwala ena n'kuchoka. N'chifukwa chake pa negativu zinthu zimatembenuka: malaya oyera amaoneka akuda, tsitsi lakuda limaoneka loyera. Filimu ya zithunzi za mitundu, zimene ambiri timati za kala, ili ndi magawo osanjikizana, lina lomva kuŵala kwa buluu, lina kobiriŵira, lina kofiira, ndipo potsuka siliva amachotsedwa, m'malo mwake n'kutsala utoto.

Tsono timibuluti sitikhala tofanana kukula pa filimu zonse. Denga lalikulu la malata limakolola madzi a mvula msanga kuposa denga la kakhitchini. Chimodzimodzinso kambulu kakakulu kamakola kuŵala msanga kuposa kakang'ono, ndipo kakangokola pang'ono pokha, konseko kamada potsuka. Filimu ya timibulu tikulutikulu imakhuta ndi kuŵala kochepa, ndipo imeneyi ndiyo amati yaliŵiro. Filimu ya timibulu ting'onoting'ono imafuna kuŵala kochuluka, ndipo amati yochedwa. Nambala ikakhala yaing'ono, monga 25, 50 kapena 100, filimuyo ndi yochedwa. Ikakhala yaikulu, monga 400, 800 kapena 1600, ndi yaliŵiro. Filimu ya 200 imafuna theka la kuŵala kumene ya 100 imafuna, ya 400 imafuna theka la kumene ya 200 imafuna, choncho ya 400 imakhuta ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kuŵala kumene ya 100 ikadafuna.

Kuti chithunzi chituluke bwino pali zinthu zitatu zimene ziyenera kugwirizana, ndipo tingazifanizire ndi kutunga madzi pa mpopi. Choyamba ndi mmene mwatsegulira mpopi, pang'ono kapena kwambiri. Pa kamera chimenechi ndi kaboo ka m'diso la kamera, kamene kamakula ndi kuchepa, ndipo kukula kwake kumalembedwa ndi chilembo cha f: f/2.8, f/4, f/5.6, f/8, f/11, f/16, f/22. Apa pamasokoneza ambiri, chifukwa nambala ikamakula kabooko kamachepa. Chachiŵiri ndi nthaŵi imene mpopi wakhala wotsegula. Pa kamera ndi kachitseko kamene ojambula amati shata, kamene kamatseguka kwa kachigawo ka sekondi: 1/30, 1/60, 1/125, 1/250, 1/500. Chachitatu ndi kukula kwa chotungira. Filimu yochedwa ili ngati ndowa, yaliŵiro ili ngati kapu. Cholinga n'chakuti chotungira chidzaze bwino, chisatsale theka, chisasefukirenso.

Amene adakonza manambala ameneŵa adachita mwanzeru, pakuti onse amayenda ndi sitepe yofanana. Kuchoka pa f/8 kupita pa f/11 mwachepetsa kuŵala ndi theka. Kuchoka pa 1/60 kupita pa 1/125 mwachepetsanso ndi theka. Kuchoka pa filimu ya 100 kupita pa ya 200 mwachepetsa ndi theka kuŵala kumene kukufunika. Choncho chimene mwataya mbali ina mungathe kuchibweza mbali inayo.

Tibwerere m'tchalitchi muja kuti tione mmene zimenezi zimagwirira ntchito. Diso la munthu limazoloŵera mdima msanga, kotero sitizindikira kuti kuŵala kwa m'nyumba ya mazenera ang'onoang'ono kungathe kuchepa koposa ka 200 poyerekeza ndi kwa panja dzuŵa lili ng'aa. Tinene kuti m'nyumba yotere wojambula watsegula diso la kamera mpaka f/2.8. Ndi filimu ya 100, shata iyenera kukhala yotsegula kwa 1/15 ya sekondi. Nthaŵi imeneyi imamveka yochepa, koma ndi yaitali mokwanira kuti dzanja linjenjemere ndi kuti wojambulidwa atembenuze mutu, chithunzi n'kutuluka chachimbuuzi. Ndi filimu ya 200 nthaŵiyo ikhala 1/30, ndi ya 400 ikhala 1/60, ndi ya 800 ikhala 1/125. Munthu wogwira kamera ya diso wamba m'manja amatha kudekha bwino pa 1/60. Wojambula wa pa ukwati uja, poopa chimbuuzi, ayenera kuti adasiya shata pa liŵiro la panja, ndowa yake n'kungolandira madontho.

Nkhondo yofuna filimu yaliŵiro idayamba pamodzi ndi luso lojambula. Chithunzi chakale koposa chojambulidwa ndi kamera chimene chilipobe adachijambula Nicéphore Niépce wa ku France cha m'ma 1826, ali pa zenera la nyumba yake. Kamera idakhala yotsegula kwa maola osachepera 8, kotero kuti dzuŵa lidaunikira mbali zonse ziŵiri za nyumba zimene zili pa chithunzicho. Mnzake Louis Daguerre adachepetsa nthaŵiyo kufika pa mphindi zingapo, ndipo njira yake idalengezedwa m'chaka cha 1839. Pa chithunzi chake cha msewu wa Boulevard du Temple mu mzinda wa Paris, msewu umene unkadzaza ngolo ndi anthu ukuoneka wopanda kanthu, chifukwa chilichonse choyenda chidadutsa chisanasiye chizindikiro. Amene adaoneka ndi bambo wina amene adaima malo amodzi akupolishitsa nsapato. Ojambulitsa a masiku amenewo ankachirikizidwa mutu ndi chitsulo kumbuyo kuti asagwedezeke.

Kuyeza liŵiro mwa sayansi kudayamba ndi Ferdinand Hurter ndi Vero Driffield, amene ankagwira ntchito ku England ndipo adafalitsa zofufuza zawo m'chaka cha 1890. Pambuyo pake maiko adakhazikitsa miyeso yawoyawo. Ku Germany kudabwera DIN m'chaka cha 1934, ku America kudabwera ASA m'chaka cha 1943, ndipo ku Soviet Union kunali GOST, imene mungaione pa makamera akale a Zenit. Manambala a DIN amayenda mosiyana: liŵiro likaŵirikiza, nambala imangokwera ndi 3. Choncho ASA 100 ndi DIN 21, ASA 200 ndi DIN 24, ASA 400 ndi DIN 27. Kuyambira m'chaka cha 1974 miyeso iŵiriyi idaphatikizidwa pansi pa dzina la ISO, n'chifukwa chake pa bokosi mumaona ISO 100/21°. Ngati kamera yanu ndi yakale ndipo yalembedwa ASA, musade nkhaŵa: nambala ya ASA ndi yoyamba ija ya ISO n'chimodzimodzi.

Mmene liŵiro lidakwerera tingaone pa zitsanzo zitatu. Filimu ya kala ya Kodachrome itatuluka m'chaka cha 1935, liŵiro lake linali pafupifupi 10. Filimu ya zithunzi zakuda ndi zoyera ya Tri-X, imene atolankhani adaikonda kwambiri, idatuluka ya makamera ang'onoang'ono m'chaka cha 1954 ili ndi nambala 200, ndipo m'chaka cha 1960 idasanduka 400 popanda kusintha filimuyo, chifukwa a ASA adasintha kaŵerengedwe kawo. Pofika m'chaka cha 1988 kampani ya Kodak idatulutsa T-Max P3200, yoti munthu n'kujambulira usiku pa kuŵala kwa magetsi a mumsewu.

Pamenepa wina anganene kuti, basi tizingogula filimu yaliŵiro nthaŵi zonse. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Liŵiro lili ndi mtengo wake. Taganizani ana aŵiri amene auzidwa kuti apange chithunzi cha nkhope pa mphasa, wina poyala njere za maŵere, wina poyala njere za chimanga. Wa chimanga atsiriza msanga, koma nkhope yake ikhala yokhakhala, maso ndi milomo zosadziŵika bwino. Wa maŵere achedwa, koma aonetsa ngakhale makwinya a pamphumi. Filimu yaliŵiro ndi ya chimanga. Timibulu take tikulutikulu timaonekera pa chithunzi ngati mchenga wowazidwa, makamaka pa thambo, pa khoma ndi m'malo a mthunzi. Kaŵirikaŵiri mitundu yake imakhalanso yozimirira pang'ono poyerekeza ndi ya filimu yochedwa, imene imatulutsa mitundu yoŵala ndi mizere yakuthwa.

Mchengawu umaonekera kwambiri chithunzi chikakuzidwa. Kachigawo kamodzi ka filimu wamba ya mamilimita 35 n'kotalika mamilimita 36 ndi 24 m'lifupi. Chithunzi cha mu alubamu, cha masentimita 15 ndi 10, ndi kachigawo komweko kokuzidwa pafupifupi kanayi, ndipo pamenepo mchenga wa filimu ya 400 suvutitsa maso. Koma chithunzi chopachika pa khoma, cha masentimita 45 ndi 30, chakuzidwa koposa ka 12, ndipo kambulu kalikonse kakuzidwa nacho. Opanga filimu adayesetsa kuchepetsa vutoli. M'zaka za m'ma 1980 adayamba kupanga timibulu taphanthiphanthi, tokola kuŵala kochuluka popanda kunenepa, monga ta filimu za T-Max zimene zidatuluka m'chaka cha 1986. Kuyambira pamenepo filimu ya 400 idakhala yosalala kuposa ya kale, koma lamulo silidasinthe: pa filimu ziŵiri za mtundu umodzi, yaliŵiro ndiyo ya mchenga wambiri.

Vuto lina la filimu yaliŵiro limabwera masana. Ojambula ali ndi lamulo lothandiza munthu amene kamera yake ilibe mita yoyezera kuŵala. Dzuŵa likakhala ng'aa, mithunzi ili yakuthwa, ikani diso la kamera pa f/16, ndipo shata muiike pa nambala yoyandikana ndi liŵiro la filimu: 1/125 pa filimu ya 100, 1/250 pa ya 200, 1/500 pa ya 400. Kukakhala timitambo topyapyala tsegulani pa f/11. Kukachita mitambo, mithunzi yosaoneka bwino, f/8. Tsiku la chiperoni ku Thyolo kapena ku Mulanje, f/5.6. Pamthunzi wa mtengo kapena dzuŵa likamaloŵa, f/4. Pa mchenga woyera wa kunyanja, ku Mangochi kapena ku Salima, kumene madzi ndi mchenga zimabweza kuŵala, tsekani mpaka f/22. Tsono onani: filimu ya 1600 pa dzuŵa la mwezi wa Okutobala ifuna shata ya pafupi 1/1600, pamene makamera ambiri akale amalekeza pa 1/500 kapena 1/1000. Kapu yaikidwa pa mpopi wotsegula kwambiri, ndipo isefukira. Nkhope zituluka zotuwa, diresi la mkwatibwi lopanda ulusi ndi umodzi womwe wooneka.

Kusankha filimu tsono kuyambe ndi funso lakuti: kodi ndikajambula kuti, nthaŵi yanji? Ya 100 ndi ya panja masana, ya malo okongola, ya chithunzi chimene mukufuna kudzakuza. Ya 200 ili pakatikati. Ya 400 ndiyo yothandiza pa tsiku limene mudzaloŵa ndi kutuluka, monga pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa mwambo wa kusukulu, ndiponso pa zinthu zothamanga monga mpira ndi magule, chifukwa imalola shata yofulumira imene imaimitsa phazi m'malere. Imathandizanso pojambula gulu la mizere ingapo, monga kwaya kapena kalasi, pakuti kaboo kakang'ono kamachititsa kuti a kutsogolo ndi a kumbuyo omwe aoneke bwino. Ya 800 ndi kupitirira ndi ya m'nyumba ndi madzulo.

Mutasankha filimu, pali ntchito ina imene ambiri amaiŵala, ndiyo kuiuza kamera zoona. Makamera akale ali ndi kagudumu kolembedwa ASA kapena ISO. Kagudumuka sikasintha filimu, kamangouza mita ya kamera kuti m'katimo muli chotungira chotani. Mukaika filimu ya 400 kagudumu kali pa 100, kamera ithira kuŵala kochuluka kanayi kuposa kofunika. Mukaika ya 100 kagudumu kali pa 400, filimu ilandira gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa zolakwa ziŵirizi choopsa n'chachiŵiri, chifukwa filimu ya negativu imapirira kukhutitsa koma siipirira njala. Pamene kuŵala sikudafike palibe chimene wotsuka angatulutse. Filimu ya masilaidi yokha ndiyo yosapirira mbali zonse ziŵiri, makamaka kuŵala kukachuluka. Choncho mukangoika filimu, tembenuzani kagudumu nthaŵi yomweyo, ndipo ng'ambani kachivindikiro ka bokosi mukaloŵetse m'kathumba ka kumbuyo kwa kamera kuti musaiŵale. M'chaka cha 1983 a Kodak adayambitsa njira yotchedwa DX, timabokosi takuda ndi tasiliva pa chigoba cha filimu, timene kamera imaŵerenga yokha. Makamera ambiri opangidwa pambuyo pa chaka chimenecho safunanso kuuzidwa.

Ojambula ozoloŵera nthaŵi zina amanamiza kamera dala. Mdima ukaŵapeza ali ndi filimu ya 400 yokha, amaika kagudumu pa 800 kapena 1600, kenaka amauza wotsuka kuti aisiye filimuyo m'mankhwala nthaŵi yotalikirapo. Chithunzi chimatuluka ndithu, koma mchenga umachuluka ndipo malo a mthunzi amada kwambiri. Wochita zimenezi akumbukire kuti mpukutu wonse umatsukidwa pamodzi, choncho nambala imene wayamba nayo akhale nayo mpaka filimu ithe, ndipo ailembe pa chigoba kuti wotsuka adziŵe.

Pali mfundo ina yotikhudza ife a khungu lakuda. Mita ya kamera siidziŵa chimene ikuyang'ana. Imangosakaniza zoŵala ndi zakuda zonse n'kuyesa kuti pamodzi zikhale zotuwa mwapakatikati. Ikaona diresi loyera, khoma la laimu kapena thambo loŵala kumbuyo kwa munthu, imaganiza kuti kuŵala kwachuluka, n'kuchepetsa, nkhope n'kumira mu mdima. Vutoli lidakulanso chifukwa kwa zaka zambiri, kuyambira m'ma 1950, makadi amene a Kodak ankatumiza kwa otsuka zithunzi kuti azilinganizira mitundu ankaonetsa mayi wachizungu yekha, ndipo khadi loonetsa amayi a khungu losiyanasiyana lidabwera m'ma 1990. Mankhwala ake ndi aŵa. Yandikirani munthuyo, muyeze kuŵala pa nkhope yake, kenaka mubwerere pamalo panu osasintha manambala. Ngati kamera ndi yodziyendera yokha koma ili ndi kagudumu kaja, tsitsani nambala ndi sitepe imodzi, filimu ya 400 muiike pa 200, kuti kamera ionjezere kuŵala, ndipo mukatha mubwezeretse. Koposa zonse, musaimike munthu chofulatira zenera. Ayang'ane kumene kuŵala kukuchokera.

Nanga fulashi? Imathandiza, koma mkono wake ndi waufupi. Kuŵala kumachepa msanga ndi mtunda: munthu amene ali pa mamita 4 amalandira gawo limodzi mwa magawo anayi a kuŵala kumene wa pa mamita 2 walandira. Kafulashi kamene ndi filimu ya 100 kamafika mamita 3, ndi ya 400 kafika mamita 6. Ojambula ali kumbuyo kwa holo n'kumaphanimitsa fulashi amangounikira mitu ya amene akhala patsogolo pawo.

Kasungidwe nakonso n'kofunika. Kutentha ndi chinyontho zimaononga filimu, ndipo yaliŵiro ndiyo imayamba kuonongeka. Inu a m'chigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, musasiye filimu m'galimoto kapena pa zenera. Isungeni pozizira, m'kachitini kake kotseka, muone tsiku lothera ntchito limene lalembedwa pa bokosi, ndipo mukajambula mutsukitse msanga. Oyenda pa ndege apemphe kuti filimu yawo ioneredwe pamanja, chifukwa makina ounikira katundu amatha kuidetsa, makamaka ya 800 ndi kupitirira.

Tifike tsono pa foni ija. Kamera yoyamba ya dijito adaipanga Steven Sasson, injiniya wa ku Kodak, m'chaka cha 1975, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa tepi ya kaseti. Makamera otere alibe timibulu ta siliva. Ali ndi kachipangizo kosandutsa kuŵala kukhala mphamvu ya magetsi, ndipo nambala ya ISO imanena mmene mphamvuyo ikuzidwire. Inu omvera wailesi mukudziŵa zimene zimachitika siteshoni ikamamveka patali: mukakweza voliyumu mau amakwera, koma nakonso kusokosera kwa shii kumakwera. Chimodzimodzi pa kamera ya dijito, kuŵala kukachepa ISO n'kukwezedwa, pa chithunzi pamadzaza timadontho. Foni imayesa kutifufuta, ndipo potero imasalaza nkhope mpaka kuoneka ngati youmba ndi sopo. Ubwino wa dijito ndi wakuti nambalayo mungaisinthe pa chithunzi chilichonse, pamene wa filimu amakhala ndi nambala imodzi mpaka zithunzi 24 kapena 36 zithe. Mafoni ambiri amasankha okha, koma ena ali ndi malo olembedwa Pro, pamene mungasankhe nokha. Lamulo ndi lomwe lija: gwiritsani nambala yaing'ono imene kuŵala kukulola, koma musaope kuikweza ngati kupanda kutero chithunzi chituluka chachimbuuzi. Nkhope ya mchenga imazindikirika, yachimbuuzi siizindikirika. Foni ikamajambula usiku imatenga zithunzi zingapo motsatizana n'kuziphatikiza, choncho tsamiritsani chigongono pa tebulo kapena pa khoma, ndipo wojambulidwa adekhe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikayang'ana chithunzi cha agogo anga sindimuda wojambula uja. Filimu inali yodula ndi yosoŵa, ndipo ya 100 ndiyo inkamukomera pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, imene yambiri inali ya panja. Komabe zinthu ziŵiri zikadatha kuipulumutsa nkhope ija. China chinali mpukutu wa filimu ya 400. Chinacho sichikadalira ndi tambala yomwe: anyamata aŵiri akadanyamula mpando n'kuŵakhazika agogo pakhomo la tchalitchi, nkhope italoza panja.

Choncho, abale anga, mukamakonza ukwati, ubatizo kapena mwambo uliwonse umene sudzabweranso, khalani pansi ndi wojambula tsiku lisanafike. Muuzeni kuti mwambo udzachitikira kuti ndiponso nthaŵi yanji, mumufunse mmene adzachitire ndi za m'nyumba, ndipo mumutchulire maina a akuluakulu amene sangathe kutuluka panja. Safunsa adadya phula. Ndipo inu amene muli ndi agogo pakhomo, musadikire ukwati. Maŵa m'maŵa, dzuŵa lisanakwere, ŵakhazikeni pakhonde, kuŵala kukuŵagwera cham'mbali, muyandikire, mugwire kamera kapena foni ndi manja aŵiri, muŵajambule. Mukatero mutsukitse chithunzicho pa pepala, mulembe dzina lawo ndi chaka kumbuyo kwake, kuti adzukulu amene sanabadwe adzaidziŵe nkhopeyo.